Nyengo ya Dona

"Ndiye mukuti simupita?"

"Ndanena kale. Sabata ino sindichoka pakhomo pano. Dona wayamba."

Telala anachotsa phazi pa makina osokera n'kuyang'ana mwamuna wake. Bamboyo anali atanjuta pakhomo la khitchini, akuswera mazira m'mbale ya galu. Mazira omwewo amene dzulo lake ananena kuti akwera mtengo, anthu asamangowadya wamba.

"Wayamba chiyani?"

"Kudontha magazi. Ndawaona pa simenti m'mawa uno. Iwe ukudziwa kuti galu ameneyu nyengo yake ndi yovuta. Agalu a anzanga amafuna amuna kawiri pachaka, osaphonya. Uyu amabwera pamene wafunira yekha, mwina chaka chonse zii. Ndikaphonya panopa ndidzadikira mpaka liti?"

"Anamwino anati tikabwere tonse Lachinayi. Ine andiyeza zonse, akuti sakuona vuto. Akuti sangapitirire popanda inu."

"Ngati sakuona vuto ndiye kuti makina awo ndi akutha."

Pakhonde panamveka kapu ikugunda pa sosala. Anali apongozi, amayi ake a bamboyo. Anabwera kudzacheza masiku awiri mvula ikuyamba, ndipo tsopano mvula inali itatha kalekale, iwo ali pompo, makutu ali tcheru ngati a agalu a mwana wawo.

"Akayezedwe ndani?" anafunsa apongozi osatembenuka. "Mwana wanga? Kwathu kulibe mwamuna anagwa m'papaya. Bambo ake anadzaza nyumba mpaka ena kumagona pakhonde. Mbeu ikapanda kumera timayang'ana nthaka, mpongozi."

"Amayi, chala chimodzi sichiswa nsabwe."

"Tamumva. Pakamwa pokha ndiye pamabereka."

Bamboyo anaseka pang'ono, ananyamula mbale n'kupita kukhola. Telala anabwezera phazi pa makina. Anasoka msoko wokhota, anauphwasula, n'kusokanso wokhota.

Akazi anzake mumsewu umenewo ankaitanidwa ndi maina a ana awo: amake uje, amake uje. Iye ankangomutcha Telala, ngati kuti anakwatiwa ndi makina. Mwamuna wake anthu ankamutcha Waagalu, ndipo dzinalo ankalinyadira zedi. Ankaweta agalu akuluakulu a makutu oima, aja amagulidwa ndi anthu a mipanda ya njerwa. Anali ndi awiri: Dona, wamkazi, ndi Kaputeni, chigalu chachimuna cha chifuwa ngati mtondo. Anthu ankabwera ndi agalu awo aakazi kudzakweretsa kwa Kaputeni. Akabweranso kudzadandaula kuti galu sanatenge bere, Waagalu ankawayankha ali chiimire, manja m'thumba: "Galu wanu ndi chumba, achimwene. Tamuonani Kaputeni, mungamukayikire ameneyu?"

Nzeru zake zonse za agalu anazitola kwa anzake pa bawo, akumwa mowa. Lamulo linali limodzi: ukaona magazi, yamba kuwerenga masiku, ikakwana sabata yachiwiri kweretsa. Choncho munthu wamkulu ndevu pepeya anakhala sabata yonse akuzungulira khola, akuwerama kusuzumira kumchira kwa galu. Lachinayi linafika n'kudutsa. Telala anaimbira foni anamwino n'kunama kuti abambo adwala malungo.

Koma Dona analibe nazo ntchito za masiku a pa bawo. Magazi aja anangodontha pang'ono n'kusiya, kutupa kuja n'kuphwa. Tsiku limene Waagalu anasankha litakwana, anamutsegulira Kaputeni, ndipo Dona anangokhala pansi n'kupanira mchira, mano ali pamtunda.

"Iwe, tandipatsa kansalu," anakuwa bamboyo. "Ndimumange kukamwa. Ubwere udzamugwire mutu."

"Sakufuna," anatero Telala ali pawindo la chipinda chosokera.

"Galu amafuna kapena safuna? Tsiku lake ndi lero."

"Nsalu zili muno ndi za eni ake. Ndipo ine sindigwira."

Waagalu anavula lamba wake kuti amange yekha. Asanamalize n'komwe, Dona anapulumuka n'kumuluma Kaputeni khutu. Chigalu chija chinalira ngati kamwana n'kukabisala kuseri kwa diramu ya madzi. Apongozi, amene anakokera mpando pafupi kuti aonerere bwino, anawomba m'manja kamodzi.

"Chumba ameneyu. Aka n'kachitatu kodi? Kawiri konse unamukweretsa, tinaona chiyani? Kamugulitse kwa alonda. Pakhomo pano zachikazi zonse n'zongodya basi."

Telala anamva mawuwo ngati singano yalowa pansi pa chikhadabo. Anadikira kuti mwamuna wake aseke monga mwa masiku onse. Koma bamboyo anagwada pansi, anamukumbatira Dona pakhosi n'kumamusisita pamsana.

"Ayi amayi, musamuweruze msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thupi lachikazi lili ndi nthawi yake, silikakamizika. Mwina ndalakwitsa ndine. Pepa Dona, pepa mama. Si mlandu wako."

Mawu amenewo Telala anawadikira zaka zonse za ukwati wake. Anawadikira pobwera kwa asing'anga, atamwa zowawa zamitundumitundu. Anawadikira mwezi uliwonse akatuluka kubafa maso ali ofiira. Lero anawamva, ndipo anali kuuzidwa galu. Anatseka windo, chifukwa anaopa kuti alira kapena aseka, ndipo sanadziwe chimene chingakhale choipa kuposa chinzake.

Loweruka kunabwera dokotala wa ziweto pa njinga yamoto. Anali mayi wachangu, wosakonda nkhani zambiri. Waagalu, munthu amene ankati azachipatala onse ndi akuba, anamulandira ndi manja awiri, mpaka kumupukutira mpando ndi malaya. Telala anabweretsa madzi osamba m'manja n'kuima poteropo ndi beseni.

"Galuyu alibe vuto," anatero dokotala atamuyeza Dona. "Alipo agalu otere. Nyengo imayamba, magazi amaoneka, kenaka thupi limabwerera m'mbuyo mazira asanakhwime. Pakapita masabata angapo imabweranso, ndipo yachiwiriyo ndiye yeniyeni. Inu mumakweretsa pa yoyamba. Ndani anakuuzani zowerenga masiku?"

"Ndi mmene timachitira, adokotala."

"Galu sawerenga kalendala. Muziyang'ana iyeyo. Magazi akayamba kuyera, kutupa kukafewa, mukamukanda pamsana iye n'kuima nji, mchira n'kupatutsira kumbali, ndiye kuti wakonzeka. Akakhala pansi musamukakamize, mudzangopweteketsa agalu. Ikadzabweranso mudzandiitane ndidzamuyeze magazi, tidzadziwe nthawi yake bwinobwino."

"Mwamva amayi?" anatero Waagalu mokondwa. "Si chumba."

"Nanga wamwamunayu," anapitiriza dokotala akuloza Kaputeni, "ana ake munawaonapo?"

Waagalu anakanda m'mutu. "Agalu amene amabwera nawo anthu ndi osadyetsedwa bwino. Koma tamuonani chifuwa chakecho."

"Chifuwa sichibereka, bambo. Musanaloze chala wamkazi, yambani mwayeza wamwamuna. N'zosavuta, ndipo sizichedwa. Mubwere naye kuofesi Lachinayi."

"Zoona zimenezo," anavomera Waagalu akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. "Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ndibwera naye."

Madzi a m'beseni anatayikira pamapazi a Telala. Anayang'ana mwamuna wake kuti mwina aone manyazi pang'ono pankhope pake. Analibe. Munthuyo sanamve n'komwe chimene pakamwa pake pananena.

Madzulo ake Telala anayesanso, modzichepetsa, akumupatsa tiyi. "Bambo, anamwino anatisinthira tsiku. Ndi Lachinayi lomwelo. Kwa Kaputeni mukhoza kupita masana, ife tipite m'mawa."

"Galu sayenda padzuwa. Iwe tsogola, ndikamaliza ndikupeza."

Anatsogoladi. Anakhala pa benchi ya chipatala pakati pa mabanja, amuna ena atanyamulira akazi awo zikwama, ena akuyang'ana pansi mwamanyazi koma ali pompo. Anamwino atamuitana, anayang'ana kumbuyo kwake n'kuusa moyo. "Mwabweranso nokha, mayi? Ife tilibenso choti tikuyezeni. Mwinatu vutolo ndi laling'ono, lochizika ndi mankhwala, koma sitingachize munthu amene sitinamuone." Telala anathokoza n'kutuluka. Ali pa siteji kudikira minibasi, inamudutsa galimoto yahayala. Kutsogolo kunakhala Kaputeni, lilime lili panja, mphepo ikumuwomba bwino. Mwini wake anali kumbuyo koika katundu, atagwirira chitsulo. Sanamuone mkazi wake.

Masiku otsatira Waagalu anakhala chete ngati fisi wagwa m'mbuna. Tsiku lina masana, amayi ake atapita kumsika, analowa m'chipinda chosokera n'kutseka chitseko. Anakhala pa mulu wa nsalu, chinthu chimene ankadziwa kuti mkazi wake amadana nacho.

"Zotsatira zatuluka," ananong'ona. "Kaputeni alibe mbeu. Akuti n'madzi okhaokha. Mwina anadwala ali mwana."

"Ndiye kuti ndi gojo."

"Tsitsa mawu. Usadzayerekeze kuuza munthu, ngakhale amayi. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Anthu akamva, bizinesi yatha."

"Nanga anthu onse aja munkawanena kuti agalu awo ndi achumba? Bambo aja a kugalaja anagulitsa galu wawo chifukwa cha mawu anu."

"Zinapita zimenezo. Mvera. Dona akayambanso ndikabwereka wamwamuna kwa mnzanga wina kutali, ndidzabwera naye mwakachetechete. Ana akabadwa tidzati ndi a Kaputeni. Adzadziwa ndani?" Anapukusa mutu mwachisoni. "Koma ndikumumvera chisoni Kaputeni. Sanasankhe yekha. Ndamugulira chiwindi."

"Bambo," anatero Telala pang'onopang'ono, "mwaona kuti chifuwa sichibereka. Tiyeni kuchipatala. Zikapezeka kuti ndi inu, ine sindidzauza munthu, ndipo sindidzakusiyani. Ndikungofuna kuti ndisiye kusenza ndekha."

Waagalu anadzuka msangamsanga n'kutchera khutu kuwindo. "Ngati Dona akuuwa," anatero, n'kutuluka. Kunja kunali zii.

Patapita masabata atatu kapena anayi, nyengo ya Dona inabweradi monga ananenera dokotala. Sipanafunikenso kuchita kuuzidwa ndi munthu: agalu onse a mumsewu anasonkhana pageti. Panali a nthiti zowerengeka, a zipere, wina wa diso limodzi, onse akununkhiza pansi pa chitsulo n'kumalira. Waagalu anasiya kudya. Ankayenda ndi ndodo kuchokera kugeti kupita kukhola, foni ili kukhutu, akukambirana ndi mnzake uja za galimoto.

Lamulungu masana apongozi anabwera kuchokera kutchalitchi ali ndi mlendo. Anali mtsikana wa kukwaya, mwana wa mnzawo, nkhope yosalala, atanyamula sutikesi yofiira. Nkhani ya mtsikanayu Telala anali ataimva kale m'mphepo, koma sankaganiza kuti angafike naye mpaka pabalaza, dzuwa likuswa mtengo.

"Mpongozi, tabwera kuno," anaitana apongozi. "Nawenso mwana wanga, tasiya agaluwo pang'ono. Mwanayu wabwera kudzatithandiza ntchito. Azigona m'chipinda chosokeramo. Makinawo uwatulutsire pakhonde."

Telala anaima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi. "Ntchito yanji imene yandikanika, amayi?"

"Ukufuna ndiitchule pamaso pa mlendo? Khote-khote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Ine ndakalamba. Sindifuna kufa ndisananyamule mwana wa mwana wanga. Takupirira mokwanira. Sitikukuthamangitsa ayi, uzikhala, uzisoka zako. Koma munda ukakana, mlimi amatsegula wina."

"Bambo, mukuzidziwa izi?"

Waagalu anayang'ana ndodo yake. "Amayi akungofuna kuthandiza. Tikambirana bwino madzulo. Panopa mutu wanga uli kwa Dona, galimoto ikubwera."

Pamenepo mtima wa Telala, umene unakhala ukuwira kwa zaka, unangozizira. Analowa pabalaza n'kukhala pampando, moyang'anana ndi mtsikana uja.

"Mwalankhula bwino, amayi, ndiye nane ndilankhule bwino. Galu wa pakhomo pano atakana mwamuna, munati ndi chumba, agulitsidwe. Mwana wanu anati ayi, thupi lachikazi lili ndi nthawi yake. Anamuitanira dokotala mpaka pakhomo. Dokotala anati musanaloze chala wamkazi yambani mwayeza wamwamuna. Mwana wanu anavomera, inu muli pomwepo. Anachita hayala galimoto, galu kutsogolo iye kumbuyo."

"Iwe," anachenjeza Waagalu.

"Ndipo zotsatira zinatuluka. Auzeni amayi anu, bambo. Kapena ndiwauze ine kuti galimoto ikubwerayi yanyamula chiyani?"

"Ndinakuuza kuti usatchule."

"Kaputeni ndi gojo, amayi. Chifuwa chonse chija. Dona analibe mlandu chiyambire."

Mtsikana wa kukwaya anakokera sutikesi pafupi ndi miyendo yake.

"Za agalu zikukhudzana bwanji ndi mwana wanga?" anatero apongozi potsiriza, koma mawu anali atachepa mphamvu.

"Mwina sizikukhudzana. Ine sindikunena kuti vuto ndi iwo, sindikudziwa. Palibe akudziwa, chifukwa munthu mmodzi yekha ndi amene wayezedwa m'nyumba muno." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Ndikupemphani komaliza, pamaso pa amayi anu. Mawa m'mawa tipite kuchipatala. Akakapeza kuti inu muli bwino, makina ndikatulutsa ndekha, ndipo mtsikanayu ndidzamusokera ndine diresi. Mukakana, ndiye kuti mukudziwa kale chimene mukuopa."

Waagalu anaimirira, mitsempha ya pakhosi ili tototo. "Ukufuna kundivula pamaso pa anthu? Ine ndikaime pamzere ndi kabotolo m'manja? Ine si galu."

"Zoona," anatero Telala. "Galu anapita."

Kunja agalu aja anapitiriza kulira pageti.

Telala anadzuka. Sanatenge zambiri. Anaika zovala zake m'chikwama chimodzi, anamasula mutu wa makina pa thebulo lake n'kuukulunga m'nsalu, pamodzi ndi zosoka za eni ake zimene zinali zisanathe. Thebulo anati adzatuma munthu. Podutsa pabalaza anaima pamaso pa mtsikana uja.

"Mng'ono wanga, ine ndilibe nawe chifukwa. Nanenso ndinalowa muno ndi sutikesi ngati yakoyo, amayi omwewa akundiimbira nthungululu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Usanamasule katundu, uwapemphe akuonetse kalata ya kuchipatala. Ya galu ali nayo."

"Musiye apite," anatero apongozi kwa mwana wawo. "Abwera yekha njala ikamuwawa." Koma ankalankhula akuyang'ana mtsikana uja, amene tsopano anali ataimirira, dzanja lili pa chogwirira cha sutikesi.

Telala anasenza makina pamutu n'kutsika masitepe. Anadutsa pakhola. Kaputeni anali atagona pamthunzi, mimba ili tasa ndi chiwindi, wopanda nkhawa ina iliyonse. Dona anali ataima nji pa waya, mchira atapatutsira kumbali, akuyang'ana kugeti. Nthawi yake inali itakwana, ndipo panyumba ponse panali pokonzeka kumutumikira.

Pamene ankakoka chitsulo cha geti anamva mapazi akuthamanga kumbuyo kwake.

"Iwe, taima."

Anaima. Ndipo tisaname, mtima wake unadumpha. Zaka zonsezo sizitha ngati madzi a m'beseni. Akanangoti tiye mawa, akanangoti pepa ngati mmene anamuuzira galu, iye akanatula makinawo pomwepo. Anatembenuka pang'onopang'ono, katundu ali pamutu.

Mwamuna wake anali ataima pakati pa bwalo, ndodo ili m'manja, maso ali pa miyendo ya mkazi wake, pamene galu wa diso limodzi ankayesa kulowetsa mphuno.

"Utseke geti bwinobwino," anatero Waagalu. "Angalowe agalu achabechabewo, andiwonongere mtundu."

Telala anakankha galu uja ndi phazi, anatuluka, anakoka geti n'kulowetsa dzanja pa kabowo kuti akhome chitsulo mpaka chinalira. Anachiyesa kawiri kuti atsimikize kuti chagwira. Atatero anakonza makina pamutu n'kuyamba ulendo wa ku siteji.